Chenjezo timalimva, nanga tithawire kuti?

Funso: Ndimakhala ku Chikwawa, m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza. Mwezi wathawu anthu a m'mudzi mwathu anandisankha kulowa mu komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Anatipatsa chimkuzamawu chimodzi, mawenzulo ndi kope lolembamo, basi. Chimene chimandiwawa n'chakuti boma limadziwa bwino lomwe kuti kwathu kuno kumasefukira, koma timaliona madzi atatikokolola kale, likubwera ndi matumba a ufa. Kodi dongosolo lokonzekera lilipo? Nanga ife a komiti, ndi chimkuzamawu chimodzi, tingachite chiyani chooneka? (Mayi wa ku Chikwawa)

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi kukuthokozani povomera udindowu. Ndi ntchito yopanda malipiro, ndipo imafuna munthu pakati pausiku mvula ili mkati. Kudandaula kwanu n'komveka ndipo sindikutsutsani. Dongosolo lilipo, lolembedwa bwino ndithu, koma mbali yake yaikulu imadzuka madzi atalowa kale m'nyumba. Ndifotokoza kaye chifukwa chake, kenako tikambe za chimkuzamawu chanucho, pakuti pazaka zomwe ndayenda m'midzi ya kuchigwa cha Shire ndaona chikupulumutsa anthu amene bwato la asilikali silikanawapeza amoyo.

Lamulo lathu loyamba la ngozi zogwa mwadzidzidzi linabadwira pamaliro. Mu Malichi 1991 madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kukwirira midzi ku Phalombe, anthu mazanamazana anafa. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, monga ananenera makolo awo ku Zomba mu 1946. Chaka chomwecho cha 1991 boma linakhazikitsa lamulo limene linabala nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene lero timaitchula kuti DoDMA. Poti linalembedwa anthu ali ndi misozi m'maso, mtima wake wonse unali pa chithandizo: kupereka chakudya, zofunda ndi pogona kwa amene zawagwera. Za kuchepetsa ngozi isanafike zinalimo pang'ono chabe. Ufa womwe mumauonawo ndi mwana wa lamulo limeneli.

Mu Januwale 2015 kunadza chigumula chija simungachiiwale. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Peter Mutharika, analengeza kuti maboma 15 ndi malo ogwa ngozi. Anthu oposa 100 anafa ndipo pafupifupi 230,000 anasowa pokhala. Chaka chomwecho boma linatulutsa ndondomeko yatsopano yotsindika kukonzekera, koma lamulo lenilenilo linakhalabe lakale lija. Kunabwera anamondwe, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ndipo nyumba ya malamulo inadzavomereza lamulo latsopano mu 2023, namondwe wa Freddy atapha kale anthu oposa 600 ndi kusowetsa ena oposa 500. Lamulo latsopanoli ndi labwino kuposa lakale, ndipo limaika patsogolo kuchepetsa chiopsezo. Koma taonani kuti nalonso linadikira maliro.

Chifukwa china ndi ndalama, ndipo apa ndilankhule mosabisa. Mtsogoleri wa dziko akalengeza kuti kwagwa ngozi, zitseko za abwenzi akunja zimatseguka, mabungwe amabwera, makampani amapereka. Ndalama zokumbira ngalande mu Seputembala, zogulira mafuta a bwato loti lidikirire pa Nchalo kapena pa Bangula mvula isanayambe, zophunzitsira komiti ngati yanuyo, zimayenera kuchokera mu bajeti yathu yomwe, momwe zimalimbirana ndi feteleza, mankhwala ndi malipiro a aphunzitsi. Thumba la ufa limaoneka pa kanema, pamene mudzi womwe wasamuka bwinobwino popanda wakufa sufika n'komwe pa nkhani za madzulo. Komatu kudikirako n'kodula. Kafukufuku wa boma ndi abwenzi ake atatha Freddy anapeza kuti zowonongeka zinaposa madola 500 miliyoni a ku America, ndipo kukonzanso kunkafuna pafupifupi 680 miliyoni.

Tsono dongosololi limayenda chonchi. Nthambi yoona za nyengo, yomwe likulu lake lili ku Blantyre, ndiyo imatsata namondwe ali panyanja ya mchere ndi kutulutsa chenjezo. DoDMA imatumiza uthengawo kwa a DC, komiti ya paboma imauza makomiti a m'madera a mafumu aakulu, iwo n'kuuza makomiti a m'midzi. Inu muli kumapeto kwa chingwe chimenechi. Zikavuta, magulu a ntchito amagawana: asilikali ndi apolisi apamadzi amatsogolera kufufuza ndi kupulumutsa anthu, a zaumoyo amaona za matenda, ena za misasa, ena za chakudya, a Red Cross ali pakati pawo. Chaka ndi chaka khonsolo imayenera kukhala ndi pulani yokonzekera nyengo ya mvula.

Kumtunda kwa chingwechi zinthu zasintha kwambiri. Freddy sanatidzidzimutse ngati mbala. Anayenda panyanja masiku oposa 30, ndipo a zanyengo anachenjeza kudakali masiku angapo, pa wailesi ndi pa mafoni. Nanga anthu anaferanji chotero? Ambiri anafera ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, m'munsi mwa mapiri. Munthu wa ku Chilobwe, m'mphepete mwa phiri la Soche, atamva kuti kubwera madzi osefukira ankaganiza za inu a ku Chikwawa ndi a ku Nsanje. Iye ali pamtunda, madzi angamupeze bwanji? Sanauzidwe momveka kuti phiri likakhuta madzi limagumuka, ndipo ngakhale akanakhulupirira, sankadziwa kuti anyamule ana apite pakhomo pa yani usiku umenewo. Ku Nkhulambe ku Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, yomwe madera ambiri a dziko lino saiona ngakhale chaka chathunthu. Uthenga unafika m'makutu, koma unalibe njira, unalibe kopita.

Pamenepa ndi pomwe pali ntchito yanu, mayi. Wailesi imanena kuti "samukirani kumtunda". Sinena kuti kumtunda kwa mudzi wanu ndi kuti, mudzere njira iti, agogo osayenda awabereke ndani, mbuzi zikagone kuti. Mayankho amenewa ofesi ya ku Lilongwe singawadziwe. Ndipo amakonzedwa mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pamene anthu akukuonani ngati mwasowa chochita.

Yambani ndi kuitana akuluakulu a m'mudzi, amuna ndi akazi, mujambule mudzi wanu pansi ndi kamtengo. Afunseni kuti madzi a 2015 analekeza pati, a Ana analowera mbali iti, ndi khwawa liti limene limayamba kudzadza n'kudula njira. Madzi saiwala khwawa, ndipo agogo amakumbukira makwawa amene achinyamata amangapo nyumba osadziwa. Mukatero mulembe mapuwo m'kope lanu lija. Kawirikawiri mudzapeza kuti njira imene anthu amadzera masiku onse popita kusukulu kapena kutchalitchi cha kumtunda ndi imene imayamba kumira, ndiye pamafunika njira yachiwiri, ngakhale yozungulira. Muiyende ndi mapazi anu. Muiyendenso usiku, ndi tochi, muli ndi mwana kumsana, kuti mudziwe nthawi yeniyeni imene imatenga.

Kenako dziwani kumene madzi anu amachokera. Chimene chimapusitsa anthu kuchigwa n'chakuti madzi amabwera kumwamba kuli nyenyezi. Mtsinje wa Mwanza umatenga madzi kumapiri a kumtunda, ndipo poti wakwiririka ndi mchenga wochokera m'minda ndi m'mapiri ometedwa mitengo, sutenga nthawi kuti utaye. Kutsidya la kum'mawa kwa Shire, mitsinje ya Livunzu ndi Nkhate imatsika ndi liwiro kuchokera kumapiri a Thyolo. Kumunsi, mtsinje winanso, Ruo, amachokera m'phiri la Mulanje n'kukakumana ndi Shire pa Chiromo, ndipo akadzadza amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzadza dambo lonse. Choncho mlonda wanu weniweni ali kumtunda, m'mudzi womwe mwina simunapiteko.

M'mitsinje ingapo muli timatabwa toyezera madzi, topakidwa utoto wobiriwira pansi, wachikasu pakati, wofiira pamwamba. Ngati pamtsinje wanu palibe, komiti itha kupaka mizere pamwala kapena pamwendo wa mlatho, mogwirizana ndi a zamadzi a kukhonsolo. Koma thabwalo palokha silidzutsa munthu. Ndinafikapo pamudzi wina m'mawa madzi atadutsa, n'kupeza mnyamata woyang'anira thabwa atakhala pachitsa, atagwira mutu. Anaona madzi akufika pofiira cha m'ma 11 koloko usiku, anatulutsa foni, koma inali itazima chifukwa kwa masiku atatu kunalibe dzuwa lotchajira. Anathamanga kugogoda kwa mnansi, foni ya mnansiyo inalibe mayunitsi. Pomwe uthenga unkafika kumunsi, anthu anali kale m'mitengo. Palibe anamwalira, koma nkhokwe ndi ziweto zinapita. Kuyambira pamenepo ndimauza komiti iliyonse kuti ikhale ndi anthu awiri kumtunda ndi atatu kumunsi, manambala awo alembedwe papepala losungidwa m'pulasitiki, ndipo pakhale kandalama ka mayunitsi kosakhudzidwa kuyambira Disembala mpaka Epulo. Zazing'ono ngati zimenezi ndi zimene zimadula chingwe.

Mugwirizanenso tanthauzo la kulira kulikonse. Pachikasu, chimkuzamawu chiyende m'mudzi masana: okalamba, odwala, amayi oyembekezera ndi ana aang'ono anyamuke nthawi yomweyo, ziweto zikwezedwe. Pofiira, wenzulo kapena ng'oma ilire mosalekeza, aliyense atuluke osatenga kanthu kolemera. Kulira kumeneku kusagwiritsidwe ntchito poitanira msonkhano kapena chitukuko, chifukwa anthu akakuzolowera adzatembenuka pamphasa n'kugonanso.

Nkhani ya ziweto ndiikhalitse pang'ono, chifukwa ndi imene imapha anthu amene chenjezo analimva bwinobwino. Bambo wina wachikulire kutsidya la kum'mawa, titamupempha kuti akwere bwato, anatiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mukuti ndithawe, nanga mbuzi zangazi mundisungira ndinu?" Anali ndi mbuzi zisanu ndi ziwiri zomangirira pakhonde, ndipo zimenezo ndizo zinali fizi ya mdzukulu wake, ndizo zinali chipatala chake. Ena anamutcha wamakani. Ine ndinaona munthu woganiza bwino amene palibe anamuyankha funso lake. Anthu amatsalira, kapena amabwerera madzi ali m'chiuno, chifukwa cha mbuzi, thumba la chimanga, njinga, ndiponso kuopa akuba. Komiti yanzeru imapempha mfumu ya kumtunda malo a khola kudakali chilimwe, imasankha anyamata oti adzakuse ziweto pachikasu, imakonza kuti mbewu ndi chakudya china zikasungidwe kwa achibale akumtunda mvula isanalimbe, ndiponso imagwirizana ndi apolisi a m'mudzi za kulondera nyumba zosiyidwa ngati madzi alola. Munthu akadziwa kuti chuma chake chili pabwino, sakuvutitsani kunyamuka.

M'kope lanu mulembenso khomo ndi khomo amene sangathe kuthawa okha, ndipo pambali pa dzina lililonse pakhale dzina la womunyamula, amene wavomera pamaso pa anthu. Osamva sadzaumva wenzulo, choncho pakhale wokawagogodera. Banja lililonse likhale ndi kajumbo komanga bwino momwe muli ziphaso za unzika, timabuku ta kuchipatala, makadi a sikelo ndi mankhwala a omwe amamwa tsiku ndi tsiku, monga ma ARV ndi a BP. Kumsasa ndakumana ndi anthu ambiri amene anapulumuka madzi koma anakhala sabata osamwa mankhwala chifukwa kabuku kanapita.

Muwerengere kuti masiku awiri kapena atatu oyamba mudzakhala nokha. Sindikunena izi ponyoza wina aliyense. Ana atawomba mu Januwale 2022 anadula msewu waukulu wa M1 ku Chikwawa ndi kuwononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Msewu ukaduka ndi magetsi n'kuzima, galimoto ya chithandizo siidutsa ndipo netiweki imavuta. Mabwato ndi ochepa ndipo amayamba ndi amene ali m'mitengo ndi pamadenga. Ndiye malo othawirako akonzedwe ngati kuti palibe akubwera. Kambiranani ndi aphunzitsi aakulu kapena akuluampingo kuti makiyi adzakhala ndi yani, zipinda ziti ndi za amayi ndi ana, ziti za abambo, madzi akumwa adzachokera pamjigo uti. Zimbudzi muziwerenge. Sukulu yokhala ndi zimbudzi zochepa ikalandira mudzi wonse, patatha masiku ochepa matenda otsegula m'mimba amayamba. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022, Ana atadutsa, anapitirira mpaka 2023 n'kupha anthu oposa 1,700. Pemphani alangizi a zaumoyo akupatseni klorini mvula isanayambe, ndipo akuphunzitseni kathiridwe kake.

Pamsasa pakhale amayi awiri odziwika amene mtsikana angawauze zakukhosi. Chithandizo n'chaulere. Aliyense wofuna ndalama kapena thupi la munthu kuti amulembe m'kaundula wapalamula mlandu, kaya ndi wa komiti, kaya ndi mfumu, kaya ndi wa bungwe, ndipo nkhaniyo ipite kupolisi. Kaundulayo mulembe tsiku lomwelo: mabanja angati, ana angati, oyembekezera angati, nyumba zingati zagwa, ndani sakuoneka. Mutumize ku komiti ya dera msanga, chifukwa khonsolo ndi DoDMA zimagawa katundu potsata manambala amenewa. Musawonjezere mayina pofuna kuthandiza abale. Akazindikira kamodzi, lipoti lanu lotsatira adzalikayikira, ndipo ovutika enieni ndi amene adzalipire.

Mwina mukudikira kuti ndinene za kusamukiratu, poti ndi nyimbo ya chaka ndi chaka. Anthu a m'tauni amafunsa kuti a ku Makhanga ku Nsanje ndi ena otere amakakamiriranji malo omira. Amaiwala kuti madzi omwewo ndi amene amasiya chonde, kuti m'madimba mumatuluka chimanga, mbatata ndi nyemba pamene kumtunda kwauma gwa, kuti m'dambo muli nsomba. Kumtunda malo ali ndi eni ake, ndipo nyakwawa ikasamukira m'dera la mfumu ina imaopa kusanduka mlendo. Pali manda a makolo. Kumuuza munthu kuti asamuke osamupatsa malo, mjigo, sukulu ndi msika ndi kumuuza kuti asankhe pakati pa madzi ndi njala, ndipo adzasankha madzi chifukwa sabwera tsiku lililonse. Chimene ndaona chikugwira ntchito ndi chimene mabanja ena anayamba okha: nyumba yeniyeni kumtunda, kudimba kachisakasa kogonamo nthawi yolima. Boma likafuna kuti kusamuka kutheke, ligule kapena lipeze malo pafupi moti munthu angathe kupita kudimba ndi njinga n'kubwerako tsiku lomwelo. Malo ena ndi oopsa moti palibe kuchitira mwina, makamaka m'makwawa a m'mapiri momwe munadutsa matope a Freddy. Kumeneko sindinyengerera, pasamangidwenso nyumba, ndipo makhonsolo a m'mizinda asiye kuyang'ana kumbali anthu akamagulitsana mapuloti m'mphepete mwa phiri.

Za madayiki otchinga madzi a mtsinje, ngati kwanu alipo, muwayendere chilimwe chino. Muone pamene ng'ombe zapanga njira, pamene chiswe kapena mbewa zaboola, pamene wina wakumba dothi loumbira njerwa. Dayiki imateteza ku madzi apakatikati, koma imagonetsa anthu tulo, ndipo ikaphulika madzi amabwera nthawi imodzi ndi mphamvu yoposa akanabwera pang'onopang'ono. Amene ali kuseri kwa dayiki nawonso athawe pofiira.

Tsono kuboma muli ndi ufulu wofunsa, ndipo mufunse ngati komiti, polemba kalata, kudzera ku komiti ya dera ndi kwa khansala wanu. Kukhonsolo kuli ofesala woona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mufunseni kuti pulani ya chaka chino ikuti mudzi wanu uthawire kuti, bwato lapafupi lidzakhala pati ndipo nambala yake ndi iti, katundu wosungiratu ali m'nyumba iti, komiti yanu idzaphunzitsidwa liti. Pemphani kuti adzakhalepo tsiku loyeserera kuthawa. Aphungu anu muwafunse za ndalama zokonzekera zimene zaikidwa mu bajeti, poti lamulo la 2023 inalivomereza ndi nyumba yawo ya malamulo ndipo lamulo lopanda ndalama limangokhala m'kabati. Mwina yankho lidzachedwa. Kalatayo musunge kope lake, mudzaitulutsenso pamsonkhano wotsatira.

Kuyeserera kuthawako musakudikirire ofesala. Sankhani Loweruka limodzi mu Novembala, a mfumu alengeze, wenzulo ulire madzulo kukuyamba kuda, mudzi wonse uyende mpaka kumalo othawirako, wina atagwira wotchi. Anthu adzaseka, ena adzakana, ana adzasangalala ngati masewera. Inu mudzaona zimene kope silingakuuzeni: kuti chimkuzamawu sichimveka kumalire a mudzi, kuti wonyamula agogo uja anapita ku Joni mwezi watha, kuti pakamlatho ka mitengo sipadutsika ndi njinga ya olumala. Mukonze zimenezo Disembala asanafike. Ndipo mabatire a chimkuzamawu muwachotse mukamaliza, muwasunge pouma pamodzi ndi ena apadera, chifukwa akakhalitsa m'kati amatuluka madzi n'kuwononga chipangizocho.